Dzina la Mwana wa Mlongo Wanga

Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Sindichita nazo manyazi. Ndinagwira ukapitawo pa esiteti ya fodya kufupi ndi Simlemba zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo palibe belo langa limene linabwezedwapo ku okushoni. Ankabwera anyamata a madipuloma a zaulimi, nsapato zowala, buku m'manja. Tsamba ankaliyang'ana, n'kuyang'ana m'buku, n'kuliyang'ananso. Ine ndinkangoligwira ndi zala ziwiri n'kudziwa gulu lake. Mwini esiteti ankawapatsa iwo ofesi, koma akafuna kumva choona ankaitana ine. Ndinkanena poyera kuti pepala si ntchito. Ndinkanena zimenezi kawirikawiri.

Koma pano sindikulemba za fodya. Ndikulemba za mwana wanga wamkazi woyamba, namwino, ndi chimene ndinamuchita kawiri: koyamba ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kachiwiri ali mayi wa ana atatu.

Mwanayu anali wanzeru kuyambira ali wamng'ono. Mayeso a Sitandade 8 anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Masiku amenewo malo anali ochepa. Anabwereza, anakhozanso, sanasankhidwenso. Ndinapita kwa ahedi, amene anali mnzanga wa kumpingo. Anatseka chitseko cha ofesi n'kundiuza chapansipansi kuti wolemba kachitatu samuyang'ana n'komwe, chifukwa dzina lake limakhala litadziwika kale ndipo zaka zimakhala zitakwera. Anati makolo ambiri amalembetsa mwana ndi dzina lina, la mwana amene ali m'kaundula koma anasiya kubwera.

"Muli naye wotere pabanja panu?"

Ndinali naye. Mwana wamkazi wa mlongo wanga, wochepera wanga ndi zaka ziwiri. Bambo ake anali atamwalira, ndipo ine monga malume ndinali mwini mbumba. Atamaliza Sitandade 7 ndinamuuza kuti ayambe waima chaka chimodzi, athandize mayi ake kusoka fodya, popeza mvula inali yabwino ndipo manja anali ochepa. Chaka chimodzi chokha. Dzina lake linali m'kaundula, kudikira mwini wake. Ndinalitenga pamodzi ndi chaka chake chobadwa, n'kulipereka kwa mwana wanga. Mlongo wanga sindinamufunse. Mwini dzina sindinamufunse. Ahedi anakoka mzere m'buku, basi.

Tsiku lotsegulira sukulu ndinaperekeza mwana wanga mpaka pa mtsinje. Ndinayenda kumbuyo kwake n'kumamuitana dzina latsopanolo. Koyamba sanacheuke. Ndinamumenya ndi kamtengo m'miyendo.

"Ukamva dzinali uziyankha."

"Ndi la msuweni wanga, ababa."

"Lero ndi lako. Tiye."

Pofika pa mtsinje anali akuyankha, misozi ili m'masaya.

Chaka chimenecho anasankhidwa. Ndinapha mbuzi. Amene anatsuka matumbo a mbuziyo anali mwana wa mlongo wanga. Atati abwerere kusukulu, ndinamuuza kuti malo palibe. Ndinadziuza kuti sindinaname, pakuti dzina lake linali litapita kale ku sekondale. Patapita zaka zitatu anakwatiwa ndi tenanti wa pa esiteti yomwe ndinkayang'anira, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadutsa pa kanyumba kawo ka udzu m'mawa uliwonse, kuona ngati afika kumunda nthawi yake.

Mwana wanga anamaliza Fomu 4, anapita kusukulu ya unamwino ya mishoni, kenako anawonjezera za uzamba. Mayeso onse analemba yekha, ndi mutu wake. Ichi ndikufuna chimveke. Dzina linali la wina, nzeru zinali zake. Anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kuno, kumene dokotala amabwera kamodzi pamwezi, msewu ukalola. Ambiri mwa amene akukwatira masiku ano m'dera lathu anawalandira ndi iye. Tenanti akamwa mankhwala a fodya, mwangozi kapena mwadala, ankathamangira naye kwa iye pa ngolo. Mwana wouma ndi kutsegula m'mimba, amene mitsempha yake yabisala, iye ankamuika diripi kamodzi kokha. Ndinaonapo ndi maso anga mnyamata wa ku yunivesite, malaya oyera ofika m'maondo, ataima pambali akufunsa kuti, "Sisitala, apa timatani?" Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati msewu ndi wanga.

Kuchipatala ankamuitana dzina la kusukulu, kunyumba la ubatizo. Satifiketi yake yoyamba ndinaiika m'galasi n'kuipachika pabalaza, pamwamba pa wailesi. Mlendo akafunsa kuti dzinali n'la yani, ndinkayankha kuti n'la kusukulu. Palibe ankafunsanso, chifukwa makomo ambiri ali ndi dzina lotere pakhoma.

Ukwati anamangitsa ndi dzina la ubatizo, pakuti abusa amayang'ana khadi la ubatizo. Mwamuna wake atapeza mwayi wa maphunziro ku Mangalande, iye anamutsatira monga mkazi wake, ndipo pasipoti anaipangitsa potsata kalata ya ukwati. Motero anakwera ndege ndi dzina lake lenileni m'manja, dzina la msuweni wake lili m'sutikesi. Tsiku lonyamuka amayi a m'dera lonse anabwera kudzatsanzikana naye, ena atanyamula mtedza, ena nkhuku zoti sakanakwera nazo ndege. Ine ndinawauza kuti azungu achita mwayi.

Inali nthawi ya makuponi a feteleza, atangoyamba kumene. Ndinali nditapuma pa esiteti, ndikulima maekala anga awiri a fodya wa bale ndi chimanga. Ndinali mkulu wa mpingo wa zaka zambiri. Anthu ankanditchula kuti bambo a sisitala wa ku Mangalande, ndipo sindinkawaletsa. Foni anatitumizira. Netiweki inkagwira pa chulu chokha cha kuseri kwa chigafa cha fodya, ndiye Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkakwera pamenepo kudikira.

Atatha chaka ndi miyezi kumeneko, Lamlungu lina chakumapeto kwa Novembala, anati:

"Ababa, ndili ndi nkhani. Mukhale pansi."

"Ndili pachulu. Nena."

Anandiuza kuti chifikireni sanagwirepo ntchito ya unamwino. Kumeneko munthu sathandiza wodwala popanda chiphaso cha bungwe lawo loyang'anira anamwino. Iye ankagwira pa nyumba yosungirako okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwasinthira zofunda. Mayeso a Chingerezi anali atakhoza. Mapepala a kusukulu anali atatumiza. Ndipo a bungwe anamuyankha kuti pasipoti ndi ya munthu wina, masatifiketi ndi a munthu winanso, wochepera ndi zaka ziwiri.

"Uwauze kuti wagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Ndawauza. Akuti zaka zimenezo wagwira ndi mayi wa pa satifiketiyo. Ine sakundidziwa."

"Akupatse wodwala aone."

"Kuno si ku esiteti, ababa."

Anali atafunsa kwa wodziwa malamulo. Chofunika chinali makalata awiri olumbirira pamaso pa woweruza milandu ku boma. Ina yanga, yofotokoza mmene dzina linasinthira, kuti iye anali mwana ndipo wochita ndinali ine. Ina ya mwini dzina, yonena kuti ali moyo, ku sekondale sanapite, ndipo mayeso sanalembe ndi iye. A bungwe anamupatsa miyezi isanu ndi umodzi. Ikadutsa, failo atseka.

"Zoona zokhazokha, ababa. Musakongoletse."

"Unayamba wandimvapo ndikunama?"

"Ayi."

"Ndiye zatha. Ndipita."

Ndinatsika pachulu ndili ndi mtima wopitadi. Akazi anga ndinawauza zonse. Anthu ena sindinawauze kanthu, makamaka zoti sisitala akusambitsa nkhalamba.

Sabata yomweyo kunali kugula feteleza wa makuponi pa depoti. Kalaliki anaima pakhonde ndi pepala, kuitana mayina mudzi ndi mudzi. Ndinali nditakonza zolankhula ndi mwana wa mlongo wanga tsiku limenelo. Mwamuna wake anali atamwalira, iye atabwerera pamudzi, akulima munda wa malemu mayi ake. Ndinkamuona tsiku ndi tsiku, koma dzina lake sindinkalitchula. Ndinkamuitana ndi dzina la mwana wake woyamba, monga timaitanira mayi aliyense. Ndiye kalaliki uja anafuula dzina lonse, loyamba ndi la bambo, monga momwe linalembedwera pakhoma panga. Khosi langa linatembenuka lokha kufuna mwana wanga. Anadzuka mayi wowonda, wopanda nsapato, mdzukulu ali kumsana. Anzake ankadinda chala. Iye anatenga cholembera n'kusaina. Zilembo zake zinali zowongoka bwino. Ndinaziona chifukwa dzina langa linali pansi pa lake.

Thumba lake limodzi anagawana ndi mayi wina amene sanalandire kuponi. Pobwerera ndinamutengera theka lakelo pa njinga yanga, ndikukankha, iye akuyenda pambali.

"Amalume, akuti bwanji a ku Mangalande?"

"Ali bwino."

"Akuti kumazizira. Muwauze alifunditse dzina langa, lingadwale chibayo."

Anaseka. Ine sindinaseke.

"Ukunena chiyani?"

"Iii, amalume. Mwana wanga wachiwiri ndinachirira m'manja mwa iyeyo. Pa khadi, dzina la mayi ndi dzina la mzamba linali limodzi. Tinayang'anana, n'kuseka tonse. Nanga tikanatani?"

Zaka zonsezo ndinkadziuza kuti sadziwa, ngakhale ankasesa pabalaza panga pa maliro ndi pa maukwati, ndipo kuwerenga amatha.

Pamenepo m'pamene ndikananena. Msewu unali wautali, panalibe wina. Ndikanangoti, pali kalata ikufunika. Koma kuti ndimupemphe kalatayo ndinayenera kuyamba ndatchula ndi pakamwa panga chimene ndinamuchita. Ndinakankha njinga mpaka pakhomo pake, n'kutsitsa feteleza, n'kumuuza kuti asathire mvula isanakhazikike.

Mu Disembala ndinapita ku boma ndekha. Ndinati ndiyambe ndi kalata yanga, yake idzatsatira. Ndinavala jekete limene ndimavala pa Mgonero. Kalaliki wa pa bwalo la milandu anali mwana wa mkulu wa mpingo mnzanga, bambo wa ndevu zake, koma kalasi ya ubatizo ndinamuphunzitsa ndine. Anandipatsa mpando wake. Ndinafotokoza mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina. Anamva msanga.

"Aaa, zimenezi n'za tsiku ndi tsiku, bambo. Tingolemba kuti mayina onse awiri munamupatsa ali khanda, chaka analakwitsa ndi aphunzitsi. Mugwira Baibulo, musaina, abwana adinda. Mubwerera dzuwa lisanapendeke."

"Ndigwire Baibulo pa bodza?"

"Aliyense amatero."

"Ine si aliyense."

"Ndiye tilemba zoona. Abwana alipo lero. Koma akuwerengerani mokweza, ndipo mayi winayo adzabwerenso ndi yake."

Pa benchi panali anthu odikira, awiri mwa iwo a m'mudzi woyandikana ndi wathu, obwerera mlandu wa malire a munda. Anali chete, kukhala chete kwa anthu amene akumvetsera. Ndinaimirira n'kuuza kalaliki kuti ndaiwala khadi la ubatizo la mwana. Khadilo linali m'thumba la jekete.

Ndinatuluka ndikudzitama mumtima kuti ndakana kulumbira bodza. Nditafika kunyumba akazi anga anafunsa, ndipo ndinawauza kuti woweruza kunalibe, wapita ku Lilongwe.

Kenako ndinabisala m'ntchito. Fodya ndi wabwino kubisalamo. Disembala kuwokera ndi kuthira feteleza. Januwale kupalira, kubandira, kudula nsonga. Febuluwale kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Lamlungu lililonse ndinkakwera pachulu ndi chifukwa chatsopano, ndipo chilichonse chinali choona. Mlatho unakokolokadi. Njinga inathyokadi. Maliro analikodi.

Lamlungu lina mu Febuluwale sanafunse za kalata. Anangoyamba kusimba.

"Dzulo gogo wina anafunika kumutenga magazi. Anabwera namwino, kamtsikana, kangomaliza sukulu chaka chatha. Kabaya koyamba, kaphonya. Kachiwiri, kaphonya. Gogo akulira. Mtsempha ine ndikuuona, ababa, uli pomwepo, ndikanaupeza nditatsinzina. Ndinangomugwira gogoyo dzanja linalo. Kachitatu ndinanong'ona kuti, yesani apa. Kanayesa, magazi anatuluka. Kenako kanakandinenera kwa abwana kuti ndikulowerera ntchito yosandikhudza."

"Abwanawo anati chiyani?"

"Anati ndikadzabwereza adzandichotsa. Ananena mwaulemu. Kuno amakuchotsa mwaulemu."

"Ndipita fodya akalowa m'chigafa."

"Yatsala miyezi itatu."

"Kuwerenga ndimatha."

Ndinamudula choncho. Nkhani imeneyi ndinayenera kuimva kuposa munthu wina aliyense, ine amene ndinaima zaka zambiri kumbuyo kwa anthu a mapepala ndikuona akulakwitsa. Ndinaimvadi. Ndinatsika n'kupita kukaona ngati chigafa chikudontha.

Akazi anga si munthu wolankhulalankhula. Tsiku lina tikusoka fodya pamthunzi, anafunsa osandiyang'ana.

"Bambo, mukuopa ndani? Woweruza kapena mwana wa mlongo wanu?"

"Sindiopa munthu."

"Ndiye mukuopa kutaya mpando wa kutsogolo kutchalitchi."

"Sokani fodya, mayi."

"Ndikusoka. Chaka chija ndinasokanso, ndili chete. Ndinalakwa."

Ananena zoona. Ndinkaopa kuti nkhani ikawerengedwa ku boma ifika kumpingo ine ndisanafike kunyumba. Ndinali nditaimitsapo anthu pa Mgonero pa zinthu zazing'ono kuposa iyi: wina chifukwa cholowa mizere iwiri m'munda wa mnzake, wina chifukwa chofulula mowa. Powaweruza ndinkawayang'ana m'maso. Ndinkadziuzanso kuti miyezi isanu ndi umodzi ya kumeneko ili ngati ya kuno, kuti ukachedwa umapepesa, n'kukulandira. Ndinkadziwa kuti si choncho. Ndinagwirapo ntchito ndi mzungu. Belu likalira lalira.

Marichi anadutsa. Epulo anadutsa. Mwana wanga anasiya kundikumbutsa masiku otsala. Ankangofunsa kuti, "Mwapita?" Ndikati ayi, ankati, "Chabwino, ndipatseni amayi." Ndinkaganiza kuti wapsa mtima, ndipo ndinkaona ngati ndi mwano. Sindinaganize kuti watopa.

Pakati pa Meyi ndinali m'chigafa kusankha fodya womaliza. Kunali m'mawa, masamba akadali ofewa ndi chinyezi. Mwana wa mlongo wanga analowa osaodira. Anali atavala nsapato ndi duku la kutchalitchi.

"Amalume, msuweni wanga wandiimbira pa foni ya aphunzitsi. Akulira. Akuti pali kalata yoti ndisaine kuyambira Novembala."

"Ndimati ndikuuze."

"Liti?"

Ndinapitiriza kusankha.

"Siyani fodyayo, amalume."

Palibe munthu anandilankhulapo chotere, ngakhale mwini esiteti. Ndinasiya.

"Munandichotsa sukulu, ndinakhala chete chifukwa ndinu amalume. Ndinkati bola zapita kwa m'bale wanga, ndipo wazigwiritsa ntchito. Wachiritsa anthu. Ndikamva amayi pachitsime akuyamika dzina langa, ndinkati chabwino, nanenso ndilimo pang'ono. Tsopano mukufuna zonsezo zithere kupukuta nkhalamba za eni? Ndiye ine sukulu ndinasiyira chiyani?"

"Ndinalakwa."

"Musandiuze ine m'chigafa. Kaneneni kumene amalemba. Valani jekete, matola atisiya."

Ndinavala.

Tinapeza woweruza ali ndi milandu yambiri. Kalaliki uja anatiuza kuti tibwere Lachinayi la sabata yotsatira. Ndinamuchonderera, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu amene ndinamuphunzitsa kalasi. Anati, "Bambo, mu Disembala muja abwana anali kungokhala." Tinabwerera.

Lachinayi benchi inali yodzaza. Woweruza anali mayi wamng'ono kuposa mwana wanga. Anawerenga mokweza, m'Chingerezi, kenako m'Chichewa kuti ndimve chimene ndikusaina. Kuti ine ndinachotsa mwana wa mlongo wanga pasukulu. Kuti ndinatenga dzina lake ndi chaka chake chobadwa popanda kufunsa, n'kupatsa mwana wanga. Anakweza maso.

"Ndi zoona izi, bambo?"

"Ndi zoona."

"Mwana wanu anavomera?"

"Ndinamulamula. Kwathu mwana sakana."

"Nanga mayi awa anabwerera kusukulu?"

"Ayi."

Sanandidzudzule. Ndinagwira Baibulo, ndinasaina, mwana wa mlongo wanga anasaina yake, woweruza anadinda. Chimene ndinachithawa miyezi yonseyo sichinathe ngakhale nthawi yowiritsa tiyi. Pa benchi palibe anadabwa. Potuluka bambo wina wosamudziwa anandigwira mkono n'kunena kuti nayenso mwana wake, amene ndi wapolisi lero, akuyendera dzina la malemu mkulu wake. Ananena akuseka. Kumpingo nkhani inafikadi. Anthu anaikamba sabata imodzi, kenako mitengo ya fodya inagwa ku okushoni, anaiwala. Mpando wanga palibe anaukhudza.

Makalatawo tinatumiza pa positi tsiku lomwelo. Adiresi pa envulopu analemba ndi mwana wa mlongo wanga. M'matola pobwerera tinakhala pa matumba a chimanga, moyang'anana. Ndinamufunsa chimene sindinamufunsepo zaka zonsezo.

"Ukanaphunzira ukanakhala ndani?"

"Mphunzitsi. Magazi ndimaopa ine."

Anayang'ana kumbali, ku minda yokolola kale.

Lamlungu lachiwiri la Juni ndinakwera pachulu msanga. Foni inalira.

"Zafika, ababa. Zikomo. Mumuthokozenso msuweni wanga."

"Ndiye uyamba liti?"



"Failo anatseka kumapeto kwa Meyi. Zachedwa ndi masiku khumi ndi awiri."

"Uwapepese. Uwauze kuti wochedwa ndine. Ndipatse nambala, ndiwauze ndekha."

"Palibe munthu womuuza. Imangobwera kalata."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga ankafotokozera abale a wodwala. Kuti ayambirenso, mayeso a Chingerezi aja nthawi yake inali itatha, ofunika kulembanso. Chachikulu, ankafuna munthu amene wagwira unamwino posachedwa, ndipo iye anali atakhala nthawi yaitali osagwira. Pa failo yakale ija zaka zake za kuno zinali zikuwerengedwabe. Pa yatsopano sizikanawerengedwa. Njira yotsala inali kubwerera m'kalasi zaka zitatu, pamodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wake woyamba. Mwamuna wake anali akadali pasukulu. Ana atatu ankadya kuchokera pa ntchito yake ya kwa okalamba ija.

"Ndiye utani?"

"Ndipita kuntchito. Ndili ndi shifiti ya masana. Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Chimanga mwakolola?"

"Takolola."

Sanayesenso. Papita zaka zambiri, ndipo akadali pa nyumba yomweyo ya okalamba. Akuti tsopano ndiye amaphunzitsa obwera kumene katembenuzidwe ka munthu pabedi kuti asachite zilonda. Jakisoni sanabayenso. Mwana wobadwa sanalandirenso. Sanandinenepo liwu loipa ngakhale limodzi, ndipo ndikanakonda akanatero. Akaimba timakamba za mvula ndi za miyendo ya mayi ake.